Nyenyezi Zisanu za Malemu Gideoni

Ku Bowe netiweki ili ndi khalidwe la mlendo wonyada, m'nyumba siilowa, imathera pachulu. N'chifukwa chake Lachiwiri lina dzuwa litapendeka, mayi wamkulu ndithu, wa mpango wake kumutu, anali khale pamwamba pa chulu cha kuseri kwa nyumba za aphunzitsi, foni ataikweza m'mwamba ngati akudalitsa minda. Ameneyo anali Talandira, mphunzitsi wa Sitandade 7, ndipo ankasaka malo olembera mayeso.

Mayesowo anali omaliza a digiri imene ankaphunzira ali pakhomo. A kuyunivesite sanapite m'mbali: maola atatu pa intaneti, kamera ili choyatsa, m'chipinda mopanda phokoso. Magetsi akathima kapena netiweki ikakuthawa, tionana chaka chamawa. Pachulu munthu ungatumize uthenga, koma sungalembepo digiri mbuzi zikukununkhiza mapepala.

Atasakasaka anapeza malo ena pa Dowa Boma otchedwa Pakhonde, kumene anthu amabwereka tebulo ndi intaneti kwa maola angapo, aliyense n'kumagwira zake. Tsamba la malowo linkadzichemerera lokha: sola, mabatire, wayifayi, tiyi waulere. Koma munthu amene wachonga makope a ana kwa zaka khumi ndi zisanu samva za "ndakhoza zonse madamu". Anakulitsa zithunzi ndi zala, kuwerenga masoketi a pakhoma, kuyang'anitsitsa ngati mabatirewo ndi apomwepo kapena anangobwerekedwa tsiku lojambula. Kenako anapita ku ndemanga za anthu, n'kuyambira kwa okwiya, poti iwowo sakhala ndi nthawi yonama. Wina anapereka nyenyezi imodzi chifukwa tiyi anali wozizira. Wina anadandaula kuti mwini malowo anamudzudzula poyankhula pa foni mokuwa, ndipo Talandira anamukonda mwini malowo asanamuone.

Anatsikira kwa a nyenyezi zisanu uku akuyasamula. Ndemanga yachitatu inali ndi kachithunzi ka bambo wovala chipewa chakhaki. Chipewacho anachizindikira asanawerenge dzina, poti anachigula yekha pa Mponela. Gideoni Chikadza. Mwamuna wake, amene anali atatha zaka ziwiri ali m'manda.

"Malo abwino, aulemu. Magetsi sathima. Kachipinda ka kumapeto chitseko chake chimatsekeka bwino, zimene ukulankhula sizimveka kunja. Ndimabwera Lachinayi lililonse ndipo sanandikhumudwitsepo."

Anawerenga kanayi, ndipo ulendo uliwonse ankamva mawu a Gideoni enieni, kulankhula kwake kosathamanga kuja, ngati munthuyo waima kumbuyo kwake pachulupo. Anacheuka, ndithu anacheuka. Kunali mapesi okha akukhulana ndi mphepo ya mwezi wa Juni.

Ndemangayo inalembedwa miyezi isanu ndi itatu Gideoni asanamwalire. Masiku amenewo Lachinayi lililonse ankati akupita ku Ntchisi, ku misonkhano ya makalabu a alimi a soya, poti anali mlembi. Talandira naye akaweruka kusukulu ankathamangira ku Chigwirizano cha amayi kutchalitchi, onse n'kukumana pakhomo dzuwa likulowa, ndiye panalibe chofunsana. Pansi pa ndemangayo Gideoni anaikapo chithunzi: tebulo, windo, mapiri a Dowa kuseri kwake. Patebulopo panali makapu awiri, ndipo m'mphepete mwa chithunzi munkaoneka lamba wa chikwama cha mzimayi.

Apa mpofunika kunena mmene Gideoni anafera, chifukwa imfa yakeyo Talandira ankayenda nayo kumsana. Anayamba kutupa mapazi, iye n'kumati nsapato zathina. Kenako miyendo, kenako nkhope. Za kuchipatala ankakana ngati ukumutuma kupolisi. Atagona masabata atatu, anamunyamula mokakamiza, koma anatsirizikira m'galimoto asanafike n'komwe, ndiye palibe dokotala amene anamuuza Talandira dzina la matendawo. Dzina analipereka ndi aNabanda, azakhali ake a Gideoni, ali m'siwa, mawu osatsitsa n'komwe.

"Uku si kudwala uku. Mwanayu wachita kudulidwa."

Aliyense m'nyumbamo anamva chimene akutanthauza. Akuti mkazi akathira mchere m'ndiwo ali kumwezi, kapena atayenda njira zosayenera, mwamuna amene wadya ndiwozo amatupa mpaka kufa. Talandira, mwana wa pamishoni, zimenezo ankaziseka poyera. Tsiku lina anafika powauza aNabanda omwewo kuti mchere ndi mchere, ulibe maso oonera amene wauthira. Mawu amenewo anthu anawasunga bwinobwino, ndipo pamaliropo anawatulutsa onse ali atsopano.

Chiyambire pamenepo, kuchimuna kunalibe amene ankadya cha m'manja mwake. Ngakhale ku Chigwirizano, amayi omwe aja oimba mokweza kuposa mpingo wonse, pakakhala zophikaphika ankamupatsa ntchito ya nkhuni ndi kutsuka mbale, akumwetulira. Tsopano kunali kutatsala masabata atatu kuti avundukule chiliza cha Gideoni, ndipo uthenga unali utafika kale: abwere, poti ndi mkazi wake, koma kumiphika asayandikireko. Choipa koposa chinali chakuti Talandira mwiniwakeyo anali atasiya kuseka. Munthu akuloze chala zaka ziwiri, tsiku lina umadzifunsa wekha kuti kaya mwina n'zoona. Ankafuna chinthu chimodzi chokha pa dziko lino, kuti dzina lake lichoke pa imfa imeneyo.

Ndiye ali pachulupo, maso ali pa makapu awiri aja, anadzipeza akupempha chinthu chochititsa manyazi. Anafuna kuti zikhale zoona, kuti Gideoni anali ndi mkazi wina pa Boma. Zikanatero, chala cha aNabanda chikanapeza kwina kolowera. Mkazi wamasiye kupempherera kuti mwamuna wake akhale wachimasomaso! Analira, osadziwa kuti akulirira chiti.

Pansi pa tsambalo panali podina kuti usungitse malo. Chala chinafikapo, n'kubwerera. Anaganiza zokaona kaye ndi maso.

Loweruka anakwera kabaza mpaka pamsewu wa tala, minibasi mpaka pamphambano, ina yodzera pa Dzaleka. Pa Dzalekapo anakwera amayi a mabeseni a tomato akukangana ndi kondakitala m'zilankhulo zitatu, koma iye sanamve kanthu. Ankangoyang'ana mapiri, nkhungu isanachoke m'zigwa, n'kumaganiza kuti Gideoni ankaona zomwezi Lachinayi lililonse, madzulo n'kubwera kudzamuuza mitengo ya soya ya ku Ntchisi nkhope ili gwa.

Pakhonde inali nyumba yakale ya njerwa zootcha, kumtunda kwa msika, masola anayi ali padenga. Anawerenga, analidi anayi monga pa chithunzi. M'kati munali anthu asanu, aliyense maso pa laputopu, zii ngati m'chipinda cha mayeso. Mwini wake anali bambo wa imvi, wa magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi, dzina lake Aroni. Kale ankakonza mawailesi, ndipo ankayendabe ngati munthu woopa kuponda kawaya.

"Takulandirani mayi. Mwabwera kudzagwira ntchito kapena kudzationa kaye?"

"Kudzaona kaye. Ndili ndi mayeso a maola atatu. Magetsi akathima, mabatire anuwa amapirira nthawi yaitali bwanji?"

"Tsiku lonse, bola pasakhale wobwera ndi ketulo yake."

Anamuonetsa mabatire, iye n'kugwira kuti amve ngati akutentha. Anayesa masoketi atatu ndi chaja yake. Anafunsa ngati kuseriko kuli chigayo kapena tchalitchi cha zokuzira mawu. Zonsezi ankachita mwadongosolo, koma maso ankangothawira ku chitseko chobiriwira cha kumapeto.

"Cha mayeso n'chimenecho," anatero a Aroni. "Bwerani muone."

Kachipindako kanali kakang'ono kuposa mmene kankaonekera pa foni. Tebulo lomwe lija, windo lomwe lija, mapiri omwe aja. Mipando inali iwiri. Talandira anaima pakhomo. Munkamveka fungo la sopo wokolopera basi, koma iye anali wotsimikiza kuti akapuma kwambiri amva fungo la jekete ya Gideoni.

"Tsikulo ndi liti, ndipo dzina ndi ndani?" anafunsa a Aroni.

"Mayi Chikadza. Ndachokera ku Bowe."

A Aroni anatsitsa magalasi. Nkhope yawo inawala ngati aona m'bale.

"Chikadza wa ku Bowe? Musandiuze kuti ndinu akazi awo a a Gideoni! Aa, mayi, malo ano achita mwayi lero. Ali bwanji akuluwo? Anangosiya kubwera osatsanzika, ine n'kumati basi, mwayi wa makina uja unapezeka, ali ku Lilongwe."

"Makina ati?"

"Osefa magazi aja. A impso."

Talandira anakhala pampando osadziwa kuti wafikapo bwanji. A Aroni anamuyang'ana, kumwetulira kuja n'kumazilala pang'onopang'ono.

"Mayi, ndalankhula molakwa?"

"Amuna anga anatisiya. Zaka ziwiri tsopano."

Bamboyo anagwira pakamwa. Anatseka chitseko, n'kukhala pampando winawo manja ali pamaondo, monga amakhalira anthu pamaliro. "Pepani. Pepani kwambiri. Ine osamva, ine osamva ndithu." Kenako anamuyang'ana kumaso. "Komatu mukuoneka ngati za impsozi mukuzimva lero."

"Ndiuzeni zonse, bambo. Musandisankhire."

Anamuuza. Gideoni ankafika cha m'ma leveni kuchokera kuchipatala, mapepala a zoyeza magazi ali mu envulopu. Anali ndi mnzake wa kusekondale amene anadzakhala dokotala wa impso mumzinda, ndipo ankalankhulana pa kanema m'kachipindamo, Gideoni akuonetsa mapepalawo pa kamera limodzilimodzi. A Aroni ndiwo ankamulumikizira, ndiye zina ankazimva asanatuluke. Impso zonse ziwiri zinali zikutha. Gideoni ankadziwa, ankadziwa bwinobwino, mpaka miyezi yake.

"Nanga mzimayi amene ankabwera nayeyo?"

"Achemwali awo. Aatali, oyera, a golosale ku Ntchisi. Iwo ndiwo ankalemba zonena adokotala m'kope."

Faines. Mlamu wake Faines, amene m'siwa muja anakhala moyandikana naye phewa ndi phewa, aNabanda akulankhula za kudulidwa, iye maso ali pansi, osatsegula pakamwa. Faines amene zaka ziwiri zonsezi ankamutumizira mavesi pa foni Lamulungu lililonse.

Talandira anayembekezera kuti amva kupepukidwa. Sanaphe munthu. Mchere unalidi mchere. Koma chimene chinabwera ndi mkwiyo, ndipo sanadziwe kuti ayambe ndi wakufayo kapena wamoyoyo. Wakufayo analibe foni.

"Pa tsamba lanu munalemba kuti munthu akhoza kuyesa kaye kanema asanasungitse malo."

"Eya, yesani. Muimbire aliyense, muone nokha mmene chithunzi chikuonekera." Anamulembera nambala yachinsinsi ya wayifayi pakapepala, n'kutuluka mwakachetechete.

Talandira anaimika foni patebulo, anakhala moti khoma lobiriwira ndi windo zionekere kumbuyo kwake, n'kuimba. Inaitana kanayi.

"Alamu! Lero mpaka kanema? Mwapeza kuti netiweki yotere ku..."

Faines sanamalize. Anali kuseri kwa kauntala ya golosale yake, mabotolo a mafuta ophikira ali m'mashelefu kumbuyo. Maso ake anachoka pa nkhope ya Talandira n'kupita pa windo lija, ndipo anakhala pomwepo.

"Mwapadziwa pamene ndili," anatero Talandira.

"Ndapadziwa."

"Mpando ndakhalirawu ndi wanu kapena wa achimwene anu?"

Faines anauza kasitomala wina kuti abwerenso, n'kukankha chitseko cha golosale. Atabwerera pa kamera anali akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Anandilumbiritsa, alamu. Anati inu muli pakati pa sukulu, mukamva musiya zonse n'kugulitsa ndi mbuzi zomwe, pomwe matendawo alibe kobwerera. Anati ndisanene kwa munthu."

"Iwo anakulumbiritsani ali moyo. Nanga m'siwa muja? Anadzuka n'kukutsekani pakamwa? Azakhali anu akunditcha wakupha, inu muli pambali panga, kope lili m'chikwama!"

"Linalidi m'chikwama."

"Zaka ziwiri, Faines. Ana a sukulu amandinong'ona. Ndimagona ndikuwerenga masiku amene ndinathira mchere, kuti mwina ndi lija, mwina ndi lija. Inu n'kumanditumizira Masalimo!"

Faines sanadziteteze. Analira mwakachetechete, kenako anayankhula motsitsa, ngati mashelefu ali ndi makutu.

"Adokotala anati matendawa ndi akumtundu. Amayenda m'magazi. Bambo athu anatupa chimodzimodzi ife tili ana, ndipo amene analozedwa chala nthawi imeneyo ndi mayi athu, mpaka anabwerera kwawo. Ine ndili ndi ana aakazi atatu. Ndikananena m'siwa muja kuti vuto lili m'magazi mwathu, ndani akanadzafunsira pakhomo panga? Ndinaona kuti inu ndinu ophunzira, muli ndi ntchito, mupirira. Ndinakusankhani inu, alamu. Sindinganame kuti ndinaiwala kapena ndinachita mantha chabe. Ndinachita kusankha."

Talandira anali ndi mawu ambiri okonzeka, akuthwa, oyenera. Anasendera pafupi ndi foni kuti awanene, ndipo m'pamene anamuona bwino mlamu wakeyo. Pachulu paja chithunzi chimabwera chodukaduka, munthu n'kumaoneka ngati ali kuseri kwa mvula. Pano chinali choyera ngati Faines wakhala tsidya la tebulo. Zikope zake zinali zolemera, osati ndi kulira kwa lero. Masaya anali odzaza mosakhala bwino. Dzanja limene linagwira chitenje linali lonenepa ngati la khanda, mphete itamira m'chala.

Nkhope yotereyi Talandira anali ataisamalirapo masabata atatu, Gideoni ali chigonere.

"Faines. Tandionetsani mapazi."

"Musavutike, alamu."

"Ndati ndionetseni."

Kamera inatsika, inadutsa kauntala, n'kufika pansi pa simenti. Faines anali atavala patapata wachimuna, ndipo ngakhale ameneyo zingwe zake zinali zitalowa m'mnofu.

"Zinayamba Janyuwale," anatero kamera itabwerera. "Amuna anga ndimawauza kuti n'kuima tsiku lonse m'golosale. Azakhali anandiona mwezi watha, ndipo ayamba kale kufunsa kuti bambo a kunyumba amayenda ndi ndani." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Pa chiliza ndikanena, alamu. Pamaso pa abusa, pa azakhali, pa onse. Kope ndikadali nalo, ndikawerenga tsamba ndi tsamba. Simunaphe munthu inu. Ndipo ngakhale nditafuna kubisanso, ndikabisa bwanji? Anthu akaona miyendoyi ndisanatsegule pakamwa."

Amenewo ndiwo mawu amene Talandira anawadikira zaka ziwiri. Ankaganiza kuti tsiku lowamva adzaimba, adzathamanga mpaka kwa aNabanda osavala nsapato. Anawamva, ndipo sanakondwe ngakhale pang'ono. Mkwiyo uja unalipobe, koma unalibenso pomenya.

"Kuchipatala mwapita?"

"Ndikuopa. Ndinamva zonse zimene ankawauza achimwene. Ndinazilemba ndi dzanja langa."

"Nambala ya dokotala uja ili m'kopemo?"

"Ili patsamba loyamba."

"Muimbireni lero. Mukapite kukayezetsa magazi, mapepalawo mubwere nawo kuno."

"Alamu, inu simukuyenera..."

"Sindinakukhululukireni, musafulumire. Muimbireni."

Anadula foni. Anakhala kanthawi akuyang'ana mpando winawo, wopanda munthu, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirire Gideoni anamukalipira momveka, pomutchula dzina, kuti anali wopusa, wodzikonda, kuti akanamuuza. Chitsekocho chinalidi chotsekeka bwino, panalibe amene anatembenuka kunjako.

Atatuluka anapeza a Aroni ataima patali ndi chitseko, dala, akupukuta magalasi amene anali oyera kale.

"Kachipindako ndikafuna pa 14, kuyambira eyiti koloko mpaka leveni," anatero Talandira. "Ndi tsiku la mayeso."

"Ndasunga, mayi."

"Ndikafunanso sabata yamawa. Ola limodzi, tsiku lililonse limene adokotala anganene. Ndidzakuimbirani."

A Aroni anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Sanafunse kuti adokotala ati.

"Dzina ndilembe lanu lomweli?"

"Ayi. Lembani Faines."

Bamboyo anaima kaye, chala chili m'malere, kenako analemba pang'onopang'ono.

"Adzabwera okha?"

"Ayi," anatero Talandira. "Kope ndidzagwira ndine."